Gemu sikalipira wolephera

M'mwezi wa Julaye chaka cha 2016, anthu ambirimbiri m'mizinda ya ku America, Australia ndi New Zealand anayamba kuyenda mitunda italiitali popanda dokotala aliyense kuwauza. Ankayenda maso ali pafoni, ena masana, ena usiku, ena m'magulu ngati akupita ku msonkhano. Chinawatulutsa m'nyumba ndi gemu yotchedwa Pokémon Go, yomwe kampani ya Niantic inatulutsa mwezi umenewo. Mu gemuyi, tinyama tongopeka timabisala m'malo enieni, m'mapaki, m'misewu ndi pa zipilala zachikumbutso, ndipo wofuna kutigwira ayenera kukafika pamalopo. Munalinso mazira. Dzira lina linkaswa munthu akayenda makilomita 2, lina 5, lina 10. Woyesa kuchenjera pokwera galimoto sankaphula kanthu, chifukwa foni ikaona kuti liwiro lachuluka imaleka kuwerengera mtundawo.

Akatswiri a zaumoyo anakondwera, ndipo m'pomveka. Kwa zaka zambiri akhala akulangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma malangizowo ankangopita ndi mphepo. Tsono gemu inachita m'masiku ochepa zomwe zikwangwani ndi mawailesi zinalephera. Ofufuza a pa yunivesite ya Harvard sanathamangire kuombera m'manja. Anatenga masitepe omwe mafoni a achinyamata oposa 1,000 anali atasunga, n'kuwawerenga, ndipo zomwe anapeza zinatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ mu Disembala chaka chomwecho. Sabata yoyamba, osewera ankaponda masitepe 955 owonjezera pa tsiku. Sabata iliyonse yotsatira chiwerengerocho chinkatsika. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, anali atabwerera pomwe anali asanaike gemuyo m'foni.

Ena amatenga nkhaniyi ngati umboni wakuti magemu ndi zachibwana zomwe sizingathandize pa umoyo wa munthu. Maganizo amenewo ndi olakwika. Opanga magemu ndi ena mwa anthu odziwa kwambiri momwe chizolowezi chimamerera mwa munthu, ndipo a zaumoyo ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa iwo. Vuto ndi lakuti obwereka nzeruzi kawirikawiri amatola zonyezimira, monga mapointi, mamendulo ndi mphotho, n'kusiya chomwe chimagwiradi munthu.

Amene anaonapo mwana akusewera Super Mario Bros., gemu yomwe Nintendo inatulutsa mu 1985, amadziwa kuti palibe buku la malangizo lomwe mwanayo amawerenga. Shigeru Miyamoto ndi anzake anakonza gawo loyamba mwa njira yoti liziphunzitsa lokha. Kamunthu kaima kumanzere, kumanja kuli bwalo lopanda kanthu, ndiye mwana amakayendetsa cha kumanja. Kachilombo kamodzi kakubwera pang'onopang'ono. Akakagunda, wafa, ndipo pasanathe masekondi angapo wayambiranso pamalo omwe aja, tsopano akudziwa kuti ayenera kudumpha. Ntchito yoyamba ndi yaing'ono moti aliyense angaithe. Zotsatira za chilichonse chomwe wachita amaziona nthawi yomweyo. Ndipo akalakwitsa, palibe womukalipira, palibe womufunsa kuti anali kuti, palibe womuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Gemu imangomubwezera poyambira.

Umoyo wa thupi suyenda chomwecho ngakhale pang'ono. Bambo amene wachepetsa mchere mu ndiwo lero saona chilichonse chikusintha lero, kupatula kuti ndiwozo sizikukoma. Phindu lake lili kutali, mwina zaka khumi kutsogolo, ndipo ndi phindu losaoneka: sitiroko yomwe sinabwere. Koma fodya, mowa ndi zakumwa zotsekemera zimalipira pompopompo. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo ku Malawi unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Matenda amenewa sapweteka poyamba. Womwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku samva kusintha, ndipo woleka samvanso kusintha, mpaka tsiku lomwe dzanja lakana kunyamula kapu. M'posadabwitsa kuti munthu yemweyo amene saiwala kutsegula gemu yake m'mawa uliwonse amaiwala piritsi.

Chifukwa chake chili mu ubongo. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wina dzina lake Wolfram Schultz, akugwira ntchito ku Fribourg m'dziko la Switzerland, ankayeza timinyewa ta mu ubongo wa anyani tomwe timatulutsa dopamine. Nyani akalandira madzi a zipatso mosayembekezera, timinyewato tinkadzuka. Koma nyani ataphunzira kuti kuwala kapena kulira kwinakwake kumatsogolera madziwo, timinyewato tinasiya kudzuka pa madzi n'kuyamba kudzuka pa chizindikirocho. Chizindikiro chikaoneka madzi osabwera, tinkakhala chete kuposa masiku onse. Tanthauzo lake ndi lakuti chomwe chimakoka munthu ndi chiyembekezo, ndipo chiyembekezo chimamangiriridwa ku chizindikiro. Kaphokoso ka foni kodziwitsa kuti mphatso ya lero yafika ndi chizindikiro chotere. Candy Crush Saga, yomwe inatuluka mu 2012, imapatsa wosewera miyoyo isanu, ndipo ikatha, umodzi umabwerera pakapita mphindi 30. Wosewera amachoka njala isanathe, ndipo amadziwa nthawi yobwerera.

Pali anthu amene anayesa kutenga mphamvu imeneyi n'kuiika pa mankhwala, ndipo zinatheka. Bungwe la HopeLab ku California linatulutsa gemu yotchedwa Re-Mission mu 2006, yopangira achinyamata odwala khansa. Wosewera amayendetsa kaloboti kakang'ono kotchedwa Roxxi mkati mwa thupi la wodwala, kakuombera maselo a khansa ndi mankhwala omwewo amene wodwalayo amamwa. Ngati wodwala wa mu gemuyo wadumphitsa mankhwala, chida cha Roxxi chimafooka ndipo maselo oipa amachulukana wosewera akuona. Kafukufuku wa odwala 375 a zaka 13 mpaka 29 m'zipatala za ku America, Canada ndi Australia, yemwe anatuluka m'magazini ya Pediatrics mu 2008, anasonyeza kuti amene anasewera Re-Mission ankamwa mankhwala awo mokhulupirika kuposa amene anapatsidwa gemu wamba. Ofufuza sanangodalira zonena za odwalawo. Anayeza mankhwala m'magazi mwawo, ndipo mabotolo ena anali ndi zivindikiro zolemba nthawi iliyonse yomwe atsegulidwa.

Palibe amene anawalipira achinyamatawa kuti azimwa mankhwala. Chomwe gemuyo inachita ndi kuwaonetsa ndi maso nkhondo yomwe inkachitika m'thupi mwawo mosaoneka, komanso kuwaika pa malo a msilikali, osati a munthu wongogona pabedi kudikira kuti ena amuchitire zinthu.

Mphotho yokha ndi ndodo yosadalirika. Mu 1973, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Mark Lepper, anatenga ana a kumkaka omwe ankakonda kujambula paokha. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, zolembera zitaikidwanso patebulo popanda lonjezo lililonse, ana omwe analandira satifiketi yolonjezedwa ija ankajambula mocheperapo kwambiri kuposa anzawo. Chomwe ankachita chifukwa chochikonda chinasanduka ganyu, ndipo ganyu amatha malipiro akatha. Aliyense amene anaonapo pulojekiti yakumudzi yomwe anthu ankadzaza misonkhano yake nthawi ya ma alawansi, n'kutha ngati makatani ndalama zitaleka, akudziwa kale zomwe Lepper anapeza.

Izi sizikutanthauza kuti mapointi sagwira ntchito konse. Kampani ya inshuwalansi ya Discovery ku South Africa yakhala ikupereka mapointi kwa makasitomala ake kuyambira mu 1997 kudzera mu ndondomeko ya Vitality, pa zinthu monga kupita kojima, kuyezetsa magazi ndi kugula zakudya zabwino. Koma ndondomeko yotere imafuna munthu wa malipiro apamwezi, inshuwalansi ndi wotchi yowerenga masitepe. Anthu ambiri amene akudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'chigawo chino cha Africa alibe chimodzi mwa zitatuzi.

Kafukufuku wophunzitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Mitesh Patel ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania, yemwe anatuluka mu 2019. Anatenga anthu 602 onenepa kupitirira muyezo, aliyense n'kudzisankhira yekha masitepe omwe akufuna kumakwanitsa pa tsiku. Lolemba lililonse ankapatsidwa mapointi 70, omwe sanali ndalama. Tsiku lomwe walephera kufika pa mulingo wake, ankataya mapointi 10. Ofufuzawo ankadziwa kuti munthu amamva kuwawa kwambiri kutaya chomwe ali nacho kale kuposa momwe amakondwera ndi chomwe walonjezedwa. Ena anaikidwa m'magulu a anthu atatu othandizana, ena anasankha wachibale kapena mnzawo wowalimbikitsa, ena anaikidwa m'magulu a atatu opikisana. Patatha masabata 24, magulu onsewa ankayenda kuposa omwe sanaikidwe mu gemuyo, ndipo opikisana ndiwo anatsogola ndi masitepe 920 owonjezera pa tsiku. Gemuyo itaimitsidwa, opikisanawo anapitirizabe kuyenda mowonjezera kwa masabata ena 12, ngakhale kuti chiwerengero chinatsikako.

Ambiri powerenga kafukufukuyu amaona za mpikisano. Koma pali kanthu kena kamene kayenera kuonedwa bwino, ndiko Lolemba lija. Munthu amene sabata yatha anadwala, kapena kunagwa maliro, kapena anangogwa ulesi, ankadzuka Lolemba ali ndi mapointi 70 athunthu ngati wina aliyense. Ngongole ya sabata yatha sinkamutsatira.

Apa m'pamene magemu ena ndi mapulogalamu a pafoni amalakwitsa, ndipo a zaumoyo sayenera kuwatsanzira. Duolingo, pulogalamu yophunzitsa zilankhulo, ndi Snapchat zimawerenga masiku otsatizana omwe munthu sanadumphitse. Mzere wa masikuwo ukamatalika, mantha outaya amakula, ndipo munthu amabwera tsiku lililonse. Njirayi ndi yamphamvu, koma ili ndi msampha. Amene wamanga masiku 200 n'kudumphitsa limodzi amapeza nambala yabwerera pa ziro, ndipo mtima umamuuza kuti zonse zapita pachabe. Eni Duolingo anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anaikamo njira yotetezera mzerewo munthu akaphonya tsiku. Sayansi ili kumbali ya kukhululukako. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 omwe ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, monga kudya chipatso pa nkhomaliro kapena kuthamanga asanadye mgonero. Anapeza kuti munthu wapakatikati ankatenga masiku 66 kuti chinthucho chiyambe kuchitika chokha popanda kuchiganizira, koma ena anatenga masiku 18 okha pamene ena akanafuna masiku 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa chizolowezi chomwe chinali kumera.

Pamafunika kusamala pomva mfundo imeneyi. Mankhwala a ARV ndi a chifuwa chachikulu si chipatso cha pa nkhomaliro. Kuwadumphitsa kumapatsa tizilombo mpata wozolowera mankhwala, ndipo palibe amene ayenera kuuza wodwala kuti kuphonya n'kopanda vuto. Koma chifukwa chomwechi n'chimene chimachititsa kuti kubwerera kwa wophonya kukhale kofunika kuposa china chilichonse. Mayi amene waphonya tsiku lake lokatenga mankhwala chifukwa mtsinje unadzaza, kapena chifukwa analibe ya kabaza, akamaganiza zobwerera amayeza zinthu ziwiri: kuopsa kwa matenda omwe sakuwamva m'thupi, ndi mawu omwe akalandire pakhomo la chipinda cha namwino anthu ena akumva. Ngati akudziwa kuti akakalipidwa, amati apita sabata yamawa. Sabata yamawa manyazi amakhala atakula, chifukwa masiku ophonya achuluka. Anamwino ndi madokotala ambiri amagwira ntchito yoposa mphamvu zawo, mmodzi kuona anthu mazana pa tsiku, ndipo kupsa mtima kwawo kumachokera pa kudziwa zomwe zimachitikira wosiya mankhwala. Komabe kukalipa kumene cholinga chake n'kuteteza wodwala kumathamangitsa yemwe amafunika chithandizo kwambiri.

Pali mbali ina ya magemu imene siyenera kuyandikira kuchipatala konse. B. F. Skinner, pofufuza ndi nkhunda ku Harvard, anaona kuti nkhunda yomwe imalandira chakudya pa nthawi yosadziwika, mwina itajompha kawiri, mwina itajompha kokwana 50, imajompha mosalekeza ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudya chitaleka kubwera. Iye mwini ananena kuti makina a juga amayenda pa lamulo lomweli. Magemu ambiri a masiku ano amagulitsa timabokosi tomwe wogula sadziwa zomwe zili mkati mpaka atalipira, ndipo mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti timabokosi totere ndi juga. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kusewera magemu mosadziletsa, mpaka sukulu, ntchito ndi banja kuwonongeka, kulembedwe pa mndandanda wa matenda. Dziko la China mu 2021 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti maola atatu okha pa sabata. Kuno kwathu palibe chifukwa choyang'ana kutali. Gemu yobetcha ya Aviator, ya kandege komwe kamakwera ndalama zikuchulukana mpaka kuthawa mosadziwitsa, ndi bokosi la nkhunda za Skinner lomwe lalowa m'matumba a achinyamata ambiri. Chizolowezi chomangidwa pa mwayi chimagwira msanga, koma chimalanda munthu ulamuliro, pamene chizolowezi cha umoyo chiyenera kumupatsa ulamulirowo.

Wina angatsutse kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu a mafoni apamwamba ndi bandulo ya tsiku lililonse, zomwe ambiri kumudzi alibe. N'zoona kuti alibe. Koma nzeru zomwe zili pansi pa magemu sizifuna foni, ndipo zina mwa izo zilipo kale pakati pathu, kungoti sizitchulidwa ndi dzina limenelo. Madoda osewera bawo pansi pa mtengo wa mango safuna wowakumbutsa. Amabwera chifukwa malo ndi nthawi n'zodziwika, anzawo akuwadikira, zotsatira za dzanja lililonse zimaoneka nkhomo zikangotha kugwa, ndipo wodyedwa lero mawa amayambanso ndi nkhomo zofanana ndi za mnzake. Banki mkhonde imayendanso motero: tsiku lokumana silisintha, sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku mwini wake akuona, ndipo mpando wa yemwe sanabwere umaonekera kwa onse. Mayi wopita ndi mwana kusikelo amaona kadontho katsopano pa mzere wa kakulidwe ka mwanayo m'buku la kuchipatala, ndipo ngakhale sadziwa kuwerenga amadziwa kusiyana kwa mzere wokwera ndi wotsika.

Chitsanzo champhamvu koposa chinachokera ku Tete, m'dziko la Mozambique, komwe kulinso abale olankhula Chinyanja. Mu 2008 bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo a m'chigawocho anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV, gulu lililonse la anthu osapitirira asanu ndi mmodzi oyandikana nyumba. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita kuchipatala kukatengera onse mankhwala, mosinthana, ndipo asananyamuke ankakumana n'kuwerengerana mapiritsi otsala. Ulendo womwe unkadya ndalama ndi tsiku lathunthu mwezi ndi mwezi unasanduka ulendo wa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Pa anthu 1,301 omwe anatsatidwa m'zaka ziwiri zoyambirira, 1,269 anali akadali pa chithandizo, 30 anamwalira, ndipo awiri okha ndiwo anasowa osadziwika komwe ali. Njirayi inafikanso ku Thyolo pambuyo pake. Munalibe mendulo kapena pointi. Munali ntchito yopepukitsidwa, tsiku lodziwika, kuwerenga kooneka ndi maso, ndi anthu asanu odziwa msanga pamene wachisanu ndi chimodzi wayamba kubwerera m'mbuyo.

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akufunika nzeru yomweyi, ndipo zambiri mwa zofunikazo si zodula. Makina oyezera BP amodzi, osungidwa ndi mlangizi wa zaumoyo kapena komiti ya pa tchalitchi ndi pa mzikiti, angathe kutumikira gulu lokumana tsiku limodzi pa mwezi. Nambala ya mwezi uno ilembedwe pansi pa ya mwezi watha pa khadi lomwe mwini wake amasunga, ndipo woyezayo atenge mphindi imodzi kumuonetsa ngati yatsika kapena yakwera, kuti piritsi lomwe silimveka m'thupi lionekere papepala. Woyamba kumene asauzidwe kusiya mchere, shuga, mafuta, mowa ndi fodya tsiku limodzi. Asankhe yekha chimodzi chomwe angathe sabata ino, ngakhale ndi kuchotsa supuni imodzi ya shuga mu tiyi, ndipo achimangirire ku chinthu chomwe amachita kale tsiku lililonse, monga piritsi kuikidwa pafupi ndi mswachi.

Ndipo bambo amene wasowa miyezi itatu akatulukira, chipewa chili m'manja, akudikira kufunsidwa komwe anali, woyezayo amupatse moni ngati wina aliyense, amukhazike pampando, amuyeze. Funso la chomwe chinamulepheretsa bamboyo libwere pambuyo pake, mwaulemu ndiponso pambali, chifukwa yankho lake lingakhale mtunda, mankhwala omwe anatha kuchipatala, kapena chizungulire chomwe mapiritsi ankamupatsa, ndipo zonsezi zili ndi pokonzera. Kenako nambala ya lero ilembedwe pa mzere watsopano wa khadi lomwe lija, pamodzi ndi tsiku loti adzabwerenso.